Bambo Akuti

Mometera mwa Wometa munkamveka fungo la sipiriti ndi mafuta a mashini, ndipo chiyambire mng'ono wake kusewera basiketibolo kutsidya kwa nyanja, munkadzaza anthu ena oti ngakhale tsitsi loti n'kumeta analibe. Chimene ankadzera chinali kanema wapakhoma. Masewero a ligi yaikuluyo ankachitika kuno anthu ali m'tulo, choncho Wometa ankaonetsa obwereza dzuwa litakwera, ndipo amuna a ndevu zawo, ena atathawa ntchito, ankathinana pabenchi n'kumakuwira mpira umene mathero ake anali atawaona kale pafoni.

Mng'ono wakeyo aliyense ankamutchula Mlongoti. Dzinalo analitola ali kupulayimale, atapitirira msinkhu aphunzitsi onse a pasukulupo. Wometa ndiye anatengera amayi ake, moti kuti amete bwino munthu wamtali ankachita kutsitsa mpando mpaka kumapeto. Mlongoti anasewera zaka zingapo mu ligi ina yaing'ono ya kunja, kumene ankamunyamula m'manja, kenako timu ya mu ligi imene mnyamata aliyense woponya mpira amailota inamutenga. Mumsewu monse anthu anavina. Koma miyezi itapitapo, chimene ankaona kwambiri pakanema chinali Mlongoti atakhala pabenchi, thaulo lili m'khosi, mawondo atafika pachifuwa.

Ndiye mkangano unkabuka tsiku ndi tsiku, ndipo eni ake anali awiri. Wina anali Dalaivala, amene ankasiya takisi yake pakhomo injini ikulira, poopa kuti akaizimitsa ifuna yokankha. Wina anali Wamafoni, wokonza mafoni pashopu yoyandikana, amene ankadziwa manambala onse a ligiyo pamtima ngakhale kuti chibadwire anali asanaponyepo mpira.

"Mwana uja wagwidwa mantha, palibenso china," anatero Dalaivala m'mawa wina, akuloza kanema ndi kiyi wa galimoto. "Taonani! Mpira ukangomufika akuupatsira mnzake ngati ndi khala la moto. Aziponya yekha!"

"Inu amwene, basiketibolo si takisi yoti muzingolowerera paliponse pamene mwaona mpata," anayankha Wamafoni. "Kumene anali kuja ankangoima pansi pa mkombero anzake n'kumamubweretsera. Uku aliyense ndi wamtali, ndiponso amathamanga ngati akupirikitsidwa ndi agalu. Mwanayo akuphunzira kaye."

"Akuphunzira? Anapita kusukulu kapena kukasewera? Kochi wakeyo ndiye watsankho. Wathuyu akalakwa kamodzi, kunja! Akwawowo alakwe kangati, akuwasisita pamsana."

"Tsankho lake liti? Manambala sanama, amwene."

"Manambala akowo kawawerengere akazi ako kunyumba."

Benchi lonse linaseka, kenako linagawikana monga mwa masiku onse. Wina anati vuto ndi kuzizira kwa kumeneko. Wina anati mwanayo waonda, sakudya zomukhutitsa. Mkulu wina wadazi, amene ankabwera kudzameta mphepo, anati angomupezera mkazi basi, zonse ziyenda. Aliyense anali kochi, aliyense anali dokotala, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene akanatha kuthamanga kuchokera pachitseko kukafika pamsewu osapuma befu.

"Nanga iwe mkulu wake ukuti bwanji?" Dalaivala anatembenukira Wometa.

"Weramani pang'ono," anatero Wometa kwa munthu amene ankamumeta, n'kupitiriza kuwongola mzere wa kunkhongo.

Sikuti ankanyada. Masiku amenewo Wometa sankamva kanthu. Manja ankagwira ntchito okha, makutu ankalandira mawu, koma m'kati munali dzanzi, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali. Akakweza maso pagalasi ankaona mitu ya anthu, kanema, ndi mpando wachitsulo umene unali pafupi ndi chitseko. Ngakhale anthu athinane chotani, pampando umenewo sankakhalapo munthu.

Unali wa bambo ake. Iwo anali owotcherera zitsulo, opanga mageti ndi mafelemu a mawindo, ndipo mpandowo anaupanga okha. Mkombero woyamba umene Mlongoti anaponyeramo mpira anaupindanso okha kuchokera ku chitsulo chotsala, n'kuuwotcherera pamzati pabwalo la pakati pa mometeramo ndi nyumba. Sanasewerepo m'timu ina iliyonse yodziwika, koma anali ndi diso. Ankati geti likapendekeka usamayang'ane pamwamba, uziyang'ana pamene laima. Choncho anthu onse akamatsatira mpira m'mwamba, iwo maso awo ankakhala pansi, pamapazi a mwana wawo.

Ankaonerera masewero onse ali chete, manja atapinda. Mkangano sankaulowerera. Masewero akatha ankadzuka, n'kuima kumbuyo kwa Wometa, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Lemba. Umuuze kuti phazi lamanzere likuchedwa kubwerera." Kapena, "Umuuze kuti akuima ndi zidendene." Basi. Foni ankaida, ankati ndi kulankhula ndi khoma. Mlongoti akaimba Lamlungu iwo ankangoti, "Uli bwino? Chabwino," n'kupatsira amayi ake. Ndiye Wometa ndi amene ankalemba, ndipo uthenga uliwonse unkayamba ndi mawu omwewo: Bambo akuti. Yankho nalo silinkasintha: Ndamva. Zinayenda choncho zaka zonse zimene Mlongoti anakhala kunja.

Koma paja chakudza sichiimba ng'oma. Ligi yaikuluyo itangoyamba kumene, bambowo anagwa pantchito m'mawa wina, chigoba chotetezera maso chili m'manja. Madokotala anati ndi sitiroko. Anabwerera kunyumba mbali ya kumanja itafa, pakamwa patakhota, ndipo mawu onse atathawa. Chimene chinatsala chinali kaphokoso kamodzi kochokera pakhosi, kofanana pofuna madzi ndi pokana.

Tsiku limene anatuluka m'chipatala, amayi anamuitanira Wometa kukhitchini n'kutseka chitseko.

"Mng'ono wako asamve," anatero.

"Amayi, ndi bambo ake."

"Ndi bambo akedi, ine sindikudziwa? Akamva akwera ndege mawa lomwe, ndipo malo akewo apatsa wina. Bambo ako sanawotcherere mkombero uja kuti mwanayo adzabwere kudzawapukuta dovu. Akhazikike kaye. Akakhazikika timuuza."

Amayiwo anali aafupi koma mawu awo sankabwerera. Anayenda khomo ndi khomo mumsewu monse, analowanso mometeramo n'kuima kutsogolo kwa kanema, n'kuwauza amuna onse aja kuti amene adzalembe nkhaniyi pafoni adzaona polekera. Ndipo anthu amene sankatha kusunga ngakhale chinsinsi cha mimba ya mwana wa mnzawo anasunga ichi bwinobwino, chifukwa aliyense ankaopa kutaya wosewera wake.

Chimene amayi sanaganizire chinali uthenga uja. Masewero otsatira atatha, foni ya Wometa inanjenjemera m'thumba. Anali Mlongoti: Bambo akuti bwanji?

Wometa anabwezera masewerowo poyambira anthu atabalalika, n'kuyang'anitsitsa mapazi a mng'ono wake monga ankachitira bambo ake. Anaona nsapato. Zinali zazikulu, zoyera, zinkapita uku ndi uku. Chinanso sanaone. Iye anakulira pambali pa mkombero uja akutola mpira ukagwera mungalande, ndipo palibe anamuphunzitsapo kuona. Anakhala foni ili m'manja mpaka kasitomala atalowa. Kenako anakumbukira zimene Wamafoni anali atakuwa m'mawawo, n'kulemba kuti: Bambo akuti uzithamanga kubwerera kumbuyo mpira ukakhala wa adani.

Yankho linachedwa kuposa masiku onse, koma linafika. Ndamva.

Bodza likakoma koyamba silivutanso. Kuyambira pamenepo amene wakuwa kwambiri pabenchi tsikulo ndi amene ankakhala bambo a Mlongoti, mwini wake osadziwa. Lero bambo akuti uzithamanga. Mkucha bambo akuti usamadzitopetse, uzidikira pansi pa mkombero. Sabata inayo bambo akuti ukalankhule ndi kochi akuwonjezere nthawi, ndipo isanathe n'komwe, bambo akuti udzichepetse, kwa eni ake kumafuna ulemu. Munthu amene moyo wake wonse sananenepo mawu oposa chiganizo chimodzi anasanduka wailesi. Lamlungu Mlongoti akaimba, amayi ankayankha mosaphethira n'komwe kuti bambo agona, kapena apita kukayeza geti la munthu. Mlongoti ankangoti, "Muwapatse moni." Sankaumirira.

Wometa ankadziwa kuti akulakwa. Ankazidziwa ngati mmene munthu amadziwira kuti kunja kukugwa mvula iye ali m'nyumba. Sizinkamunyowetsa.

M'mawa uliwonse asanatsegule shopu ankawoloka bwalo kukameta bambo ake ndevu. Ankawatsamiritsa papilo, n'kuwaika thaulo pachifuwa, n'kupaka thovu. Tsaya la kumanzere linkadzikungabe lokha lezala likamadutsa, monga linkachitira kale. La kumanja linali lolobodoka, lofunika kulikoka ndi zala ziwiri kuti lisachekeke. Maso okha ndi amene anatsala athunthu, ndipo ankamutsatira Wometa kulikonse kumene wapita m'chipindamo.

Tsiku lina anayesa kuwaonetsa masewero pafoni. Anaigwira pafupi ndi nkhope yawo pamene Mlongoti ankalowa m'bwalo. Bambowo anayang'ana kanthawi, kenako kaphokoso kaja kanayamba kutuluka, ndipo dzanja lawo lamoyo linayamba kumenya ntchafu, pha, pha, pha. Amayi analowa akuthamanga.

"Ukufuna kuwapha? Chotsa chimenecho! Sukuona kuti mwendo wayamba kuwapweteka?"

Anatenga mankhwala opaka n'kuyamba kuwasisita mwendowo, bambowo akulirabe kaphokoso kawo, maso ali pathumba limene Wometa anabwezeramo foni. Sanawaonetsenso.

Ndiye panafika sabata imene Dalaivala anapambana mkangano. Timu ya Mlongoti inali italuza, iye atalowa kanthawi kochepa osaponya ngakhale kamodzi, ndipo Dalaivala anaimirira pakati pa shopu ngati mlaliki.

"Mu ligi imeneyi munthu wamtali amene saponyera patali ndi mzati wamagetsi basi! Aime kunja kwa mzere uko, aziwasonyeza kuti nayenso ali ndi manja. Akapanda kutero abwera kuno kudzatithandiza kukankha takisi."

Ngakhale Wamafoni anagwedeza mutu n'kunena kuti manambala akusonyezadi kuti ataliatali a masiku ano amaponyera patali. Popeza awiriwa anali asanagwirizanepo pa chilichonse, Wometa anaganiza kuti mwina chimenechi ndiye choona. Madzulo asanatseke analemba: Bambo akuti usiye kupatsira, uziponyera patali wekha.

Ndamva, linatero yankho.

M'mawa wa masewero otsatira anthu analowa mometeramo mwakachetechete, aliyense atadziwa kale, komabe akufuna kudzionera ndi maso. Wosewera wina anali atavulala, ndiye kochi anamulowetsa Mlongoti msanga, mwayi umene aliyense ankaulirira chiyambire ligi. Mpira woyamba utamufika ali kunja kwa mzere, mnzake ali yekhayekha pansi pa mkombero manja ali m'mwamba, Mlongoti anaponya. Mpirawo sunakhudze ngakhale chitsulo. Wachiwiri unamenya bolodi n'kubwerera kwa adani. Kochi anakuwa m'mbali mwa bwalo, mitsempha ya m'khosi itatuluka. Mpira unamufikanso, ndipo Mlongoti, nkhope ili yosalala ngati munthu amene akuyenda ali m'tulo, anaponyanso. Anamutulutsa pomwepo. Kamera inamutsatira mpaka pabenchi, pamene anzake anasendera kumupatsa malo ochuluka kuposa amene ankafunika.

"Koma ndani wamuuza zopusa zimenezi?" anakuwa Dalaivala. "Mwana amene chibadwire sanaponyerepo patali! Wapenga?"

"Si inu nomwe munkanena?" anafunsa Wamafoni.

"Ine? Ine ndinati aziponya, sindinati azitaya. Ndiponso ankandimva ali kuti? Ndili ndi nambala yake ine?"

Wometa anali akumeta mwana wasukulu. Anapitiriza. Anasintha chipeso cha mashini, anapukuta kunkhongo ndi sipiriti, anakutumula nsalu. Ankadikira kuti chinachake chimulase mumtima, koma sichinabwere. Anangoona kuti tsitsi pansi lachuluka, n'kutenga tsache.

Tsikulo foni sinanjenjemere. Mawa lakenso ayi. Kwa nthawi yoyamba chipitire kunja, Mlongoti sanafunse zimene bambo akunena. Kenako Wamafoni analowa foni ili patsogolo ngati kandulo, n'kuwerengera aliyense kuti timu yaganiza zomutsitsira Mlongoti ku timu yake yaing'ono ya m'tauni ina, kumene amatumiza osewera amene zikuwakanika. Ena amabwerako, ena sabwerako. Pamenepo mkangano watsopano unabuka, wakuti kodi kumeneko ndi kusukulu kapena kumanda.

Wometa anawoloka bwalo n'kuwapeza amayi akuchapa zofunda za bambo.

"Amayi, timuuze."

"Tsopano? Mwana atagwa kale pansi, ndiye timupondenso?" Anafinya nsalu osamuyang'ana. "Adzuke kaye."

Poyamba anali woti akhazikike kaye, tsopano adzuke kaye. Wometa anaona kuti tsiku lomuuza silidzafika, ndipo sanatsutse. Anabwerera kukameta.

Foni inalira masana a tsiku lina la pakati pa sabata, Wometa atameta theka la mutu wa Dalaivala. Inali ya kanema, yochokera kwa Mlongoti, amene sankaimba masiku a ntchito. Wometa anazimitsa mashini, n'kutulukira khomo la kuseri, n'kukaima pansi pa mkombero wakale uja, umene tsopano amayi ankamangirirapo chingwe choyanikira zovala.

Kumene kunali Mlongoti kunali kutangocha kumene. Anali yekha m'holo yaikulu yophunzirira, atakhala pansi, chikwama chili pambali. Nkhope yake inali itachepa.

"Achimwene," anatero, osapereka ndi moni womwe. "Musandinamize. Ali moyo?"

Wometa anayang'ana chingwe, anayang'ana malaya a bambo ake akudontha madzi.

"Ali moyo."

"Akulankhula?"

"Ayi."

"Kuyambira liti?"

"Ligi itangoyamba. Sitiroko. Amayi anati ukhazikike kaye."

Mlongoti anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanakalipe. Wometa akanakonda akanakalipa.

"Ndinadziwa pa uthenga woyamba uja," anatero Mlongoti. "Munalemba kuti ndizithamanga. Bambo sanandiuzepo kuti thamanga. Iwo amandiuza phazi lake."

"Nanga unkamvereranji? Zonse zija zinali za pabenchi. Za kuponyera patali zija ndi za Dalaivala, munthu woti ngakhale takisi yake simumvera. Iwe ukudziwa mpira kuposa tonsefe. Unkamvereranji?"

Mlongoti anapukuta nkhope ndi chikhatho chake chachikulu.

"Ndikanati ndisamvere, ndiye kuti ndavomera kuti kulibe. Ndinkaopa kufunsa, achimwene. Ndinkalowa m'bwalo ndikuganiza kuti mwina munawaika kale m'manda. Ndiye uthenga ukabwera ndinkati mwina ndi iwodi, mwina ukalamba wawasintha. Mpira uja ndikuuponya ndinkadziwa kuti sulowa. Koma munalemba kuti bambo akuti."

Kumsewu injini ya takisi inkaliralirabe.

"Ndiwaone," anatero Mlongoti.

Amayi anali ataima pakhomo la nyumba, beseni lili m'chiuno. Anali atamva zonse. Anayang'ana foni, anaona nkhope ya mwana wawo.

"Amayi," anatero Mlongoti. "Ndatsika kale. Palibenso chimene mukuteteza."

Amayi anaika beseni pansi n'kupatuka.

M'chipinda munkanunkhira mankhwala opaka. Bambo anali atatsamira papilo, maso ali kudenga. Wometa anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuwaikira foni kutsogolo.

"Bambo, ndi ine," anatero Mlongoti, ndipo mawu ake anaduka ataona pakamwa pokhota paja. "Bambo."

Bambowo anayang'ana nkhope ya mwana wawo nthawi yaitali. Diso la kumanzere linadzaza madzi. Kenako dzanja lamoyo lija linanyamuka, linagwira foni m'mphepete, n'kuyamba kuikankhira pansi. Wometa anaibwezera m'malo mwake poganiza kuti yawathobwa m'maso. Dzanjalo linaikankhiranso pansi, mwamphamvu, kaphokoso kaja kakutuluka pakhosi.

"Atopa," ananong'ona amayi ali pachitseko. "Mwina basi, aimbenso mawa."

"Ayi, amayi," anatero Mlongoti. Anali akuseka ndi kulira nthawi imodzi. "Sanatope. Nkhope yanga alibe nayo ntchito. Dikirani."

Chithunzi chinagwedezeka, chinaonetsa denga la holo, kenako chinakhazikika pansi. Anali atatsamiritsa foni pachikwama. Tsopano pagalasi pankaoneka matabwa a pansi onyezimira ndi nsapato ziwiri zazikulu. Mpira unamveka ukudunda. Nsapatozo zinapita kutsogolo, zinaima, zinazungulira, zinabwerera. Zinachitanso chimodzimodzi. Kaphokoso ka bambo kanaleka. Anasendera kutsogolo papilo monga ankachitira pampando wawo wachitsulo, ndipo m'chipindamo munalibe chomveka china koma kudunda kwa mpira wa kutsidya kwa nyanja.

Nsapatozo zitazungulira kachitatu, dzanja linagwera pantchafu ya kumanzere, pha, pha, n'kukokera m'mbuyo pang'onopang'ono pamwamba pa bulangete. Kunali kumenya komwe kuja kumene amayi anakuyesa ululu wa mwendo n'kupaka mankhwala. Bambowo anatembenuza maso n'kumuyang'ana Wometa, kudikira, monga ankaimira kumbuyo kwake mometera muja.

Apa m'pamene dzanzi lija linamuchoka Wometa, ndipo linachoka monga limachokera m'mwendo, ndi ululu wolasa paliponse. Anamva chisoni cha miyezi yonseyo nthawi imodzi, anamva ndi manyazi omwe.

"Achimwene, muli pompo?" anafunsa Mlongoti, nsapato zitaima. "Akuti bwanji?"

Wometa anayang'ananso dzanja la bambo ake pantchafu paja.

"Bambo akuti phazi lamanzere likuchedwa kubwerera."

Nsapato ya kumanzere inasuntha pang'ono pamatabwa paja.

"Ndamva," anatero Mlongoti, ndipo mpira unayambanso kudunda.